Khofi akafota chifukwa cha manematodi: njira iti ndi yoyenera thukuta lathu?

Kwathu ndi kunyanja, kufupi ndi Benga, koma ndinakwatira kumtunda, kumene boma la Nkhotakota limakakumana ndi mapiri a Ntchisi. Apongozi anga atandipatsa kachigawo ka munda pamtsetse, ndinaganiza zoyesa khofi, poti anzathu a tsidya lina la malire akhala akulima mbewuyi ndipo ena akupeza nayo kangachepe. Nazale ndinaika kumunsi, m'dimba momwe tinkalima phwetekere chaka ndi chaka. Madzi anali pafupi, dothi lake lakuda, lofewa, losavuta kuthira m'machubu. Ndinafesa, ndinathirira, ndipo mvula itayamba ndinakwera nazo mbande 300 pawilibala kupita kumunda.

Chaka choyamba zonse zinkaoneka bwino. Chaka chachiwiri, mvula itangosiya, mitengo ina inayamba kuchita chikasu, osati munda wonse koma m'zigawozigawo. Dzuwa likafika paliwombo masamba ankalendewera ngati a chinangwa chozulidwa dzulo, chonsecho pansi pali chinyezi. Ndinathira feteleza, ndinathiranso, koma osasintha. Nthambi zinayamba kuuma kuchokera kunsonga. Tsiku lina apongozi anaima nane m'mundamo n'kunena kuti, "Akamwini, miyezi yonseyi mwakhala mukuyang'ana masamba. Tazulani umodzi tione pansi." Mtengo wa zaka ziwiri unazuka ndi dzanja limodzi. Timizu toyera tija timene timayenera kuchuluka ngati ndevu panalibe. Mizu yotsalayo inali yotupa malo ena, yong'aluka, khungwa lake likufumbutuka pakati pa zala. Mlangizi atabwera anaitsuka m'beseni, n'kufunsa funso limodzi lokha: "Bambo, dothi la m'machubu munatapa kuti?" Tinatsika limodzi kudimba, tinazula phwetekere wotsalira, ndipo mizu yake inali mfundo zokhazokha ngati mkanda. Anali manematodi, tinyongolotsi todya mizu, ndipo anabwera ndi dothi la m'dimbalo.

Kuchokera nthawi imeneyo ndayesa njira zingapo zolimbana ndi manematodi, zina ndaziona kwa alimi a fodya ndi a madimba. Ndaziika pamodzi pano kuti amene akuganiza zolima khofi kumtunda kuno, ngakhalenso a phwetekere, therere ndi mabilinganya a ku Salima ndi m'mbali mwa nyanja monse, aone kumene mphamvu zawo zingapindule. Maganizo anga sindibisa: njira zonse zogwira ntchito mtengo usanalowe pansi zimaposa kutali zimene timathamangira mtengo utadwala kale.

Mdani wake ndi wotani

Manematodi ndi tinyongolotsi tating'ono kwambiri, tosaoneka ndi maso. Kamwana kake kamene kamalowa mumzu sikafika ngakhale theka la milimita. Si nyongolotsi zija timaika pambedza, zimene zimathandiza nthaka. Timeneti tili ndi kasingano pakamwa kobowolera mzu ndi kuyamwa chakudya cha mbewu.

Pa khofi magulu ovuta ndi awiri. Loyamba ndi la Meloidogyne, limene limatupitsa mizu. Kamwana kakalowa kunsonga ya mzu kamakhazikika malo amodzi, ndipo mzu umatupa mokazungulira. Kakakazi kamanenepa n'kukhala ngati kachipanda, n'kuikira mazira mazanamazana m'kathumba konanda. M'dothi lotentha ngati la kunyanja, m'badwo umodzi umatha pafupifupi mwezi umodzi wokha, ndiye werengani nokha mibadwo imene imadutsa m'dimba lothiriridwa chaka chonse. Gulu lachiwiri ndi la Pratylenchus. Ili silitupitsa mizu ayi. Limayenda m'kati mwa mzu likudya, n'kusiya zilonda zofiirira zimene matenda ena owoletsa amaloweramo.

Vutoli ndi lakale pa khofi. Ku Brazil, Emílio Göldi anafotokoza mtundu wa Meloidogyne exigua m'chaka cha 1887, minda ya khofi ya chigawo cha Rio de Janeiro itaonongeka kwambiri. Ku Java, Zimmermann anapeza Pratylenchus coffeae m'chaka cha 1898. Kuno ku Africa kulinso mitundu yakeyake, monga Meloidogyne africana imene inapezeka koyamba pa khofi wa ku Kenya. Koma chimene chikutikhudza ife ndi chakuti mitundu ina yofala m'madimba mwathu, monga Meloidogyne incognita, imadya phwetekere n'kudyanso khofi. Pa phwetekere imapanga mfundo zazikulu zooneka patali. Pa khofi nthawi zambiri imangong'alula mizu ndi kuiumitsa khungwa, n'chifukwa chake munthu sazindikira msanga.

Patokha tinyongolotsi timeneti sitiyenda mtunda. Chaka chonse sitingapitirire mkono umodzi kapena iwiri. Zimene zimanyamula tinyongolotsiti ndi madzi othamanga, dothi lomatirira kukhasu ndi kumapazi, ndiponso mbande. Ine ndinatikweza phiri pawilibala. Dothi la mchenga ndi lotentha ndiye limakomera kwambiri tinyongolotsi timeneti, ndipo Salima ndi Nkhotakota dothi lotere ndi lambiri.

Musanawononge kalikonse, tsimikizani

Si khofi aliyense wachikasu amene ali ndi manematodi. M'Malawi muno mdani wamkulu wa khofi ndi kafumbwe woboola tsinde, amene mphutsi yake yoyera imadya khungwa kumunsi kwa mtengo n'kusiya utuchi. Palinso matenda a khungwa a Fusarium, chiwawu cha masamba, mzu waukulu wopindika chifukwa chodzala molakwika, ndi njala wamba. Zonsezi zimafotetsa mtengo. Choncho kumbani m'mphepete mwa chigawo chodwalacho, pa mtengo umene wayamba kumene kufooka, osati wouma kale. Tengani timizu ta pamwamba pamodzi ndi dothi lake, tsukani pang'onopang'ono, yang'anani padzuwa.

Njira imene ndimaikonda, yosalira ngakhale tambala, ndi yofunsa phwetekere. Tapani dothi la pamalo pamene mukukayikira, kuchokera malo angapo, thirani m'machubu kapena m'zitini zobooka, n'kufesamo phwetekere wamba kapena therere. Pakatha masabata 5 kapena 6 zulani mutsuke. Ngati m'dothimo muli manematodi otupitsa mizu, mfundo zidzaoneka. Njirayi siionetsa gulu lija la zilonda, ndiye pa limenelo pamafunika kuti alangizi atumize dothi ndi mizu kumalo a kafukufuku monga Bvumbwe kapena Chitedze. Chenjezo laling'ono kwa olima mtedza, nyemba ndi soya: timibulu ta pamizu ya mbewu zimenezi nthawi zambiri ndi tabwino, timapereka chonde. Tabwinoto timakhala pambali pa mzu, timachoka mukatikhudza ndi chala, ndipo m'kati mwake ndi mofiirira. Mfundo ya manematodi ndi mzu weniweniwo wotupa, sichoka pokhapokha mutadula mzu.

Kuyeretsa dothi la nazale: moto, dramu kapena dzuwa

Akuluakulu anati m'mera m'poyamba, ndipo pa nkhani iyi mawuwo ndi oona mpaka pansi. Mtengo wa khofi umayamba kubereka patatha zaka pafupifupi 3 ndipo ungakhale m'munda zaka makumi. Dothi lonse limene limatsimikiza tsogolo lake poyamba ndi lodzaza kachubu kamodzi. Kuyeretsa dothi la machubu 300 ndi ntchito ya masiku owerengeka. Kuyeretsa ekala yonse palibe amene angathe.

Choyamba ndi kusankha kotapa. Musatape m'dimba, pansi pa nthochi, pamene panali fodya, kapena m'munda wakale wa khofi. Tapani pamene pakhala udzu wokhawokha zaka zambiri. Koma ngakhale dothi lotero ndi bwino kulipsereza, ndipo njira zilipo zitatu.

Kuwotcha mapesi pamwamba pa bedi ndiyo njira imene alimi a fodya amaidziwa kuyambira kale. Ndi yotsika mtengo ndipo imapha mbewu za udzu. Vuto lake ndi lakuti moto umathamangira kumwamba. Kutentha kumalowa pansi pang'ono chabe, mwina kutalika kwa chala, ndipo manematodi a m'munsi amatsala amoyo n'kukweranso mukayamba kuthirira. Pa mbewu yokhala pa bedi masabata ochepa imathandizako. Pa khofi, amene amakhala pa nazale miyezi yambiri, siikwanira payokha.

Kuphika dothi m'dramu ndiko kotsimikizika. Mumadula dramu pakati, kuthira dothi lonyowa pang'ono, kuvundikira ndi chiguduli chonyowa, n'kusonkha moto pansi uku mukutembenuza. Manematodi ndi mazira awo amafa kutentha kukapitirira madigiri 60 kwa theka la ola. Popanda choyezera, kwirirani kambatata kakang'ono pakati pa dothilo, kakapsa ndiye kuti lakwana. Osapsereza mpaka dothi kuchita fumbi lofiira, chifukwa mumaphanso tizilombo tabwino ndi kuwononga chonde. Chimene chimandiwawa pa njirayi ndi nkhuni. Madramu 10 amadya mulu wa nkhuni umene banja likanaphikira masabata angapo, ndipo mapiri athu ayera kale. Amene ali pafupi ndi chigayo cha mpunga angasonkhere mankhusu, kapena zitsononkho za chimanga.

Yachitatu ndiyo imene ndikuona kuti inatiyenera ife a kunyanja kuposa wina aliyense: kuphika dothi ndi dzuwa. Dzuwa la Okutobala limene timadandaula nalo ku Salima ndi ku Nkhotakota ndi nkhuni zaulere. Mumayala pepala lapulasitiki pansi pamalo a mtetete, kuyalapo dothi losapitirira masentimita 15 kapena 20 kuchindikala, kulinyowetsa bwino, n'kuphimba ndi pepala lina loyera loonekera m'kati. Mphepete zonse mumakwirira kuti mpweya usatuluke. Pepala likhale loonekera, osati lakuda, chifukwa lakuda limatentha lokha pamwamba pomwe loonekera limalowetsa kutentha m'dothi. Dothi likhale lonyowa, poti chinyezi ndicho chimafikitsa kutentha pansi. Musiye choncho masabata 4 mpaka 6, pakati pa Seputembala ndi Novembala. M'mawa mudzaona madontho a madzi atalendewera kunsi kwa pepalalo, ndipo masana mukalowetsa dzanja simungapirire. Adani ake ndi nkhuku ndi mbuzi, zimene zimabowola pepala, ndiye tchingani ndi minga ndipo pong'ambika matani tsiku lomwelo. Kumtunda kozizira, kumene mitambo imachuluka, njirayi imafooka. Ine dothi ndimaliphikira kwathu kunyanja, n'kukwera nalo m'matumba oyera.

Zonsezi zimapita pachabe mukaika machubu pansi pa dothi lodwala. Mizu imatulukira kumabowo n'kukumana ndi mdani. Ikani machubu pathandala, kapena pa pepala, kapena pa miyala yoyalidwa. Madzi othirira akhale a pamjigo kapena a chitsime chotetezedwa, osati a mumtsinje umene wadutsa m'madimba a anthu. Ndipo pogula mbande kwa munthu wina, musachite manyazi kupempha kuti ang'ambe machubu awiri kapena atatu muone mizu. Wogulitsa wachilungamo sakana.

Nthochi ndi nkhani ina yofunika kuitchula pano, poti ambiri timadzala khofi pansi pa nthochi kuti apeze mthunzi. Nthochi zimasunga manematodi a mitundu ingapo, kuphatikizapo Pratylenchus coffeae ndi Radopholus similis, amene amaoletsa mizu mpaka nthochi kugwa ndi mkoko wake mphepo ya mwera ikaomba. Mwana wa nthochi asanalowe m'munda, musengeni mizu yonse ndi khungwa lakuda mpaka tsinde liyere, kenako mumviike m'madzi otentha madigiri 52 mpaka 55 kwa mphindi 20, kapena m'madzi owira kwa masekondi 30 okha. Izi sizichiza chisaka, matenda aja amene anatha nthochi zathu kuno ku Nkhotakota kuyambira zaka za m'ma 1990. Pa chisaka chofunika ndi kutenga ana kumunda wopanda matendawo.

Kusinthanitsa mbewu malo asanadzalidwe

Kasinthasintha wa mbewu ndi chida champhamvu kwa wa dimba, chifukwa mbewu zake zimatha pa miyezi itatu. Kwa wa khofi mwayi umenewu umapezeka kamodzi kokha, asanakumbe mayenje. Ngati phwetekere woyesera uja waonetsa mfundo, musadzale chaka chimenecho. Manematodi otupitsa mizu sangakhale nthawi yaitali opanda mzu wamoyo woyamwa, ndiye cholinga ndi kuwapha ndi njala.

Udzu wa Katambora, mtundu wa udzu wa Rhodes, ndi umene alimi a fodya a ku Zimbabwe ndi kuno akhala akudalira pochepetsa Meloidogyne javanica. Umagwira ntchito ndithu, ndipo ziweto zimadya, koma umafuna zaka 3 kapena 4. Wa munda waung'ono, amene chaka chilichonse akufuna chimanga, sangadikire motero. Mbewu za gulu la zumba zimafulumirako. Timanematodi timalowa m'mizu yake koma timalephera kukula ndi kuikira mazira, ndiye zumba amakhala ngati msampha, uku akuwonjezera chonde. Kalongonda nayenso amachepetsa manematodi otupitsa mizu ndipo amaphimba nthaka bwino kwambiri pamtsetse, koma ndi wa malo opanda mitengo. Mukamusiya pakati pa khofi wamng'ono amayanga n'kumukwirira. Maluwa a marigold amatulutsa mankhwala m'mizu yake yamoyo amene amapha manematodi, koma afesedwe mothinana, munda wonse, kwa miyezi iwiri kapena itatu. Kudzala duwa limodzi apa lina apo pakati pa mitengo ndi kukongoletsa munda chabe.

Mtedza, umene timalima kwambiri ku Mwansambo ndi ku Salima, ndi mwayi wathu. Mitundu iwiri yofala ija, incognita ndi javanica, kawirikawiri siichulukana pa mtedza, ngakhale mtundu wa arenaria umaugwira. Mapira ndi mawere nawonso ndi abwino kusiyana ndi mbewu za masamba. Zopewa ndi phwetekere, therere, mabilinganya, tsabola, fodya, maungu ndi nyemba. Ndipo kasinthasintha yense amafa ngati simupalira, chifukwa bonongwe ndi mnadzi zomera zokha zimadyetsa mdani yemweyo mukufuna kumusowetsa chakudya. Izi zimavuta kunyumba, poti amayi amafuna ndiwo zimenezo. Ife tinagwirizana kuti bonongwe azikhala ndi malo ake kutali ndi khofi.

A madimba a m'madambo ali ndi mwayi wina. Kumene madzi amaima miyezi ingapo pansi pa mpunga, monga ku Lifuwu kapena m'mbali mwa Bua, manematodi a phwetekere amachepa kwambiri, ndipo mbewu ya chilimwe yotsatira mpunga imayamba bwino.

Manyowa ndi kuphimbira

Iyi ndiyo njira yokhayo imene ndingauze munthu aliyense amene mitengo yake ili kale m'munda kuti ayambe mawa. Manyowa samaliza manematodi. Chimene amachita ndi kusintha mphamvu za mbali ziwirizo. Zitosi za nkhuku zikamawola zimatulutsa mpweya wa amoniya umene umapha ena mwa iwo. Dothi la manyowa ambiri limadzaza ndi nkhungu ndi tizilombo tina timene timadya mazira a manematodi. Ndipo mtengo wodya bwino umatulutsa timizu tatsopano mofulumira kuposa mmene tikuwonongekera. Timizu ta khofi toyamwa chakudya timakhala pamwamba, m'masentimita 30 oyamba, malo omwewo amene dzuwa limaumitsa. Mukaphimbira ndi udzu kapena masamba a nthochi, chinyezi chimakhalitsa ndipo mtengo wa mizu yochepa umapirira chilimwe.

Manyowa akhale owola. Zitosi zaziwisi zimawotcha timizu tomwe mukufuna kupulumutsa. Zophimbira zisakhudze tsinde, siyani mpata wa chikhatho chimodzi chifukwa cha chiswe ndi kuwola kwa khungwa. Kunyanja kuno mitengo ya nimu ili paliponse, ndipo njere zake zosinja, zosakaniza ndi dothi la m'dzenje, zimathandiza kuposa masamba ake. Mtengo wa njirayi ndi msana: kututa manyowa kukwera nawo phiri chaka ndi chaka, osadumphitsa. Pa mitengo yanga yomwe inali itangoyamba kufooka, masamba anabwerera kubiriwira m'chaka chachiwiri cha manyowa. Imene inali itauma kale nthambi siinadzuke.

M'masitolo ena mukupezeka mankhwala opangidwa ndi nkhungu zamoyo monga Trichoderma ndi Purpureocillium lilacinum. Malo ake abwino ndi m'machubu a nazale ndi m'dzenje lodzalamo, pamodzi ndi manyowa. Popeza ndi zamoyo, zimafa zikasungidwa potentha, ndiye paketi yomwe yakhala pashelefu yotentha miyezi yambiri ndi yokayikitsa.

Mankhwala

Apa ndi pamene ambiri timathamangira, ndipo ndi pamene ndikupempha kuti tidekhe. Kale alimi a fodya ankafukiza nazale ndi methyl bromide. Mankhwalawo anathetsedwa pansi pa pangano la Montreal chifukwa chowononga mpweya woteteza dziko kumwamba, ndipo maiko osauka anapatsidwa malire a chaka cha 2015. M'malo mwake munabwera njira zina, monga kufesa m'mathireyi oyandama pamadzi ndi mankhwala a dazomet, odziwika ndi dzina la Basamid. Awa amagwira ntchito pa dothi la nazale lopanda mbewu: mumasakaniza ndi dothi lonyowa, kuphimba ndi pepala, kenako kuvundukula ndi kugaula kuti mpweya woipa utuluke musanafese. Pansi pa mtengo wamoyo sathiridwa, amaupha. Kwa munthu wa machubu mazana ochepa, dzuwa kapena dramu zimagwira ntchito yomweyo popanda chiopsezo.

Ndiye pali timibulu takale tija, aldicarb ndi carbofuran. Dzina la malonda la aldicarb ndi Temik, tameki yemweyo amene amagulitsidwa m'timapepala pamsika ngati mankhwala a makoswe, amene watilanda abale ambiri m'midzi mwathu. Anapangidwa kuti aphe manematodi ndi tizilombo ta m'munda, ndipo ali m'gulu la mankhwala oopsa kwambiri pa mndandanda wa bungwe la zaumoyo padziko lonse. Amasungunuka m'madzi mosavuta. Ku Long Island, ku America, anapezeka m'zitsime za anthu m'chaka cha 1979, m'dera la dothi la mchenga limene ankathira m'minda ya mbatatesi. Taganizirani dothi lathu la kunyanja, kumene madzi a pansi ali pafupi, zitsime zili m'madimba momwemo, ndipo mitsinje yonse ikuthera m'nyanja ndi m'dziwe la Chia momwe timapha nsomba. Munthu akakupatsani timibulu topanda chizindikiro kuti muthire pa khofi kapena pa phwetekere, kanani.

Alipo mankhwala atsopano osaopsa motero, monga fluopyram, amene amagulitsidwa ndi dzina la Velum. Ndi okwera mtengo. Ndipo mankhwala onse othira pa mbewu yamoyo ali ndi malire amodzi: amatsitsa chiwerengero kwa miyezi iwiri kapena itatu, kenako otsala aja ndi mazira awo amachulukananso. Pa phwetekere miyezi imeneyo ndi yokwanira kukolola. Pa khofi ndiye kuti mudzagula chaka chilichonse mpaka mtengo udzakalambe. Esiteti yaikulu ingawerengere n'kuona phindu, koma mlimi wa mitengo 300 ndalamazo zidzadya khofi yense. Amene wasankha njirayi agule okhawo ovomerezeka ndi bungwe la Pesticides Control Board, m'botolo lake lenileni, avale zodzitetezera, ndipo atsate zolembedwa.

Kumezanitsa

Njira imene inapulumutsa alimi ambiri ku Central America ndi kumezanitsa khofi wa mtundu wa arabika pa tsinde la khofi wa mtundu wina wotchedwa robusta. Mizu ya robusta ndi yambiri, yamphamvu, ndipo mitundu ina imakana manematodi. Ku Guatemala anayamba kuchita izi m'zaka za m'ma 1960, pomezanitsa mbande zikadali zazing'ono ngati kamtengo ka machesi. Amadula mutu wa robusta, kung'amba tsinde pang'ono, kusongola ka arabika, kulowetsa n'kumanga. Pambuyo pake anatulutsa mtundu wa robusta wotchedwa Nemaya wa ntchito yomweyi, ndipo ku Brazil ali ndi wawo wotchedwa Apoatã. Zipatso zimakhalabe za arabika.

Pa njira zonse, iyi yokha ndiyo imalola kudzala khofi pa nthaka yodwala n'kukhala ndi mtendere zaka zambiri. Koma kuno sinafale. Si robusta aliyense amene amakana manematodi, ndiye kutola njere za mtengo uliwonse n'kumezanitsa ndi kuchita mwayi. Mizu ya robusta imafookanso kumalo okwera kwambiri ndi ozizira. Kumene ingathandize ndi kumapiri apakatikati ngati athuwa, otentherako, kumenenso manematodi amavuta kwambiri. Manja odziwa kumezanitsa tili nawo, anthu a kuno amamezanitsa mango ndi malalanje tsiku ndi tsiku. Chosowa ndi mbewu yoyesedwa, ndipo imeneyi ndi nkhani yoti magulu a alimi aifunse kwa akatswiri a khofi a ku Lunyangwa ku Mzuzu, osati yoti munthu aitanitse yekha njere kunja popanda chilolezo.

Mitengo yodwala kale

Apa pamafunika kulimba mtima. Mtengo umene wauma nthambi zoposa theka ndipo ukugwedera mukaukankha sudzabweza manyowa anu. Zulani ndi mizu yake yonse, wotchani pomwepo, osaukoka kudutsa m'munda. M'dzenjemo musabwezeremo khofi msanga. Fesani zumba kapena marigold mvula ziwiri, kenako funsaninso phwetekere. Kumbani ngalande kumtunda ndi kumunsi kwa chigawo chodwalacho kuti madzi a mvula asanyamule dothi kupita kwa mitengo yabwino, ndipo dzalani vetiva m'mphepete. Polima yambani ndi mbali yabwino, kumalizira yodwala, n'kutsuka khasu musanaweruke. Kugaula nthaka m'chilimwe kuti dzuwa liumitse mazira kumathandiza pamalo athyathyathya, koma pamtsetse mvula yoyamba idzakokolola dothi lonselo.

Pa mitengo 300 ija ndinazula 110. Yotsalayo ili pa manyowa ndi zophimbira, ikubereka, ngakhale osati ngati ya anzanga a tsidya. Pamene ndinazula pakhala zumba mvula ziwiri ndi mtedza mvula imodzi. Mu Ogasiti ndinatapa dothi la pamenepo malo 12 n'kufesamo phwetekere m'zitini kuseri kwa nyumba. Tinazula limodzi ndi apongozi, iwo atagwira beseni. Zitini 10 mizu inali yoyera, yosalala. Ziwiri za kumunsi, kumene madzi amasonkhana, zinali ndi timfundo towerengeka. Mbande zatsopano zili pathandala, m'dothi lophikidwa ndi dzuwa la ku Benga, ndipo mvula ikakhazikika zilowa m'mizere ya kumtunda yokha. Mizere iwiri ya kumunsiyo ndifesamonso zumba.